Mkazi Wamng'ono wa a Lungu

Eneless Mwanza anabadwira ku Luembe, kumene mapiri a Nyimba amatsetserekera kuchigwa cha Luangwa, ndipo mwezi wa Okutobala mpweya umanjenjemera pamwamba pa minda ngati madzi. Chaka chimene anabadwa sankachidziwa. Ankangonena kuti pamene dzombe linadutsa komaliza iye anali kumsana kwa amai ake.

Anali mtsikana wolota masana. Akamutuma kumadzi ankachedwa, osati chifukwa cha anyamata, koma ankaima panjira mtsuko uli pamutu n'kumayang'ana akakowa akuwoloka dambo mpaka atazimiririka. Chimene ankakonda kuposa zonse chinali kuimba m'katchalitchi ka pamudzi pawo, ka zidina zosawotcha, denga la udzu, mawindo opanda magalasi ndi mipando youmba ndi dothi. Makolo ake sanali opemphera. Iye ankapita yekha, n'kukhala kumbuyo.

Chaka cha ufulu, pamene ana a sukulu ankayenda m'midzi ndi timbendera tatsopano, kunabwera gulu la anthu okonza msewu wa ku Luembe. Pakati pawo panali Simon Lungu, mwamuna wamwayi pakamwa, wa njinga yakuda ndi mpata pakati pa mano. Anafunsira Eneless kwa amalume ake, anamanga nyumba pamudzi pa mkazi monga mwa mwambo, ndipo analima munda wa apongozi popanda kudandaula. Nthawi zambiri ankachoka milungu ingapo, akumati ntchito ya msewu yamuitana. Eneless sankakayika kanthu.

Ali ndi pakati pa mwana woyamba, masana ena akupeta mapira pabwalo, anaona mai wina ataima kumapeto kwa bwalo, mwana ali kumsana. Anali wamfupi, wojintcha, miyendo yotuwa ndi fumbi la ulendo. Sanayang'ane Eneless. Maso ake anali pa njinga yakuda imene inatsamira nkhokwe.

"Fikani, amai," anatero Eneless. "Ndikupatseni madzi?"

"Madzi ndamwa kumtsinje," anayankha mlendoyo. "Ine ndine Mildred Sakala wa ku Mwape. Ndabwela kudzaona kumene kumagona njinga ya atate ake a Jennipher. Ndaona."

Anatembenuka n'kubwerera njira yomwe anadzera. Ndi mmene Eneless anadziwira kuti anali mkazi wamng'ono, kuti Simon anali ndi mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi ndi ana awiri, ndiponso kuti mpingo unali utamuchotsa kale Simonyo pa Mgonero chifukwa cha mitalayo. Analira, anakana kumuphikira masiku angapo, koma mimba inali yaikulu ndipo Simon anali wodziwa kupepesa. Mwana atabadwa anamutcha Morgan, ndipo kuyambira pamenepo anthu ankamuitana amake Morgan.

Morgan atayamba kukwawa, Eneless analowa kalasi ya ubatizo. Wophunzitsa anali mkulu wa mpingo, a Gideon Tembo, munthu wofatsa amene ankasoka zovala pakhonde pake. Eneless sankadziwa kuwerenga, koma chimene wamva kamodzi chinkakhala m'mutu. Nthawi ya mayeso itayandikira, a Tembo anamuitanira pambali.

"Amai, mayankho muwadziwa kuposa ine amene," anatero. "Koma lamulo la mpingo ndi ili: munthu wa pamitala sabatizidwa."

"Nanga ine ndinadziwa, bambo?"

"Simunadziwe. Pamenepo palibe wokuimbani mlandu. Koma lelo mudziwa."

Eneless anayang'ana pansi. Anali ndi pakati pena. Amalume ake anali atanena kale kuti mkamwini wolima chotero satayidwa chifukwa cha madzi a pamutu. Ndipo chachikulu, chimene sanachinene kwa a Tembo, n'chakuti iye ankamukonda Simon. Anakhalabe pabanja, ndipo kutchalitchi sanaleke.

Abusa akabwera kudzadyetsa Mgonero, timatchalitchi tonse ta ku Luembe ndi ku Mwape tinkasonkhana pa tchalitchi chachikulu cha pakati. Ulaliki ukatha, onse osabatizidwa ndi ochotsedwa ankatuluka, chitseko n'kutsekedwa. Ambiri ankapita kwawo. Eneless ankakhala pa muzu wa mkuyu umene unali pafupi ndi windo, mwana ali pamiyendo, n'kumamvetsera nyimbo ya m'katimo ikutuluka pang'onopang'ono. Polowa m'mawa ankaona tebulo lophimbidwa ndi nsalu yoyera, koma chimene chinali pansi pa nsaluyo sanachionepo. Choncho ankachilota. Nthawi zina nsaluyo inkakula m'maso mwake n'kukhala yotambalala ngati mchenga wa Luangwa m'chilimwe, anthu atakhala m'mbali mwake mpaka kutsidya. Mkate ankauganizira kuti ndi wofunda, wonunkhira ngati uchi wa m'mphako. Chitseko chikatseguka, anthu ankatuluka akusekerera, ndipo pakati pawo pankatulukanso Mildred, atavala bulauzi yoyera ya amai a chigwirizano. Awiriwa sankapatsana moni.

Pa muzu wa mkuyu pomwepo m'pamene Eneless anapanga nzeru yake. Anaganiza kuti munthu akamakulimira munda chaka ndi chaka osapempha kanthu, tsiku lina umachita manyazi n'kumuitanira m'nyumba. Ndiye anati adzamugwirira ntchito Mulungu mpaka Mulunguyo achite manyazi.

Loweruka lililonse ankakakumba dothi lakuda kudambo n'kudzazira pansi pa katchalitchi ka pamudzi pawo, m'mbali n'kulemba mzere wa dothi loyera. Ankakulunga ndi mwala mpaka pansi pachite kuwala. Udzu wofolerera ankamweta yekha mitolo yambiri kuposa mabanja atatu. Abusa akamabwera, nkhuku ndi nthochi zinkachokera kwa iye. Mowa sankalawa, ngakhale thobwa likangowawasa pang'ono ankalitaya. Mwana wa mkulu wake atatha msinkhu, Eneless anakana kukavina kuchinamwali, ndipo mkulu wakeyo sanamulankhule mpaka kukolola. Zaka zinapita, msewu waukulu wa ku Chipata anauthira phula, ana anafika anayi, iye akuzirabe.

Koma ntchitoyo inamuumitsa mtima. Atakhala pamkuyu anayamba kuwerenga zolakwa za olowa. Uyo amatcheza kachasu kuseri kwa phiri. Uyo amamenya mkazi wake. Uyo ali ndi chithumwa m'chiuno. Nanga Mildred, wa lilime ngati lumo, amene tsiku lina pamaliro anatcha Morgan mwana wa m'tchire? Onsewo chitseko chinkawatsegukira. Ndipo panali ganizo lina limene Eneless ankalithamangitsa koma linkabwerera ngati ntchentche: mkazi wamkulu atamwalira, iye akanatsala mkazi mmodzi yekha wa Simon, ndipo lamulo likanachoka panjira. Chaka china kunamveka kuti Mildred wavutika pobereka ndipo mwina sadzuka. Eneless anamva mtima wake ukupepuka. Anachita mantha ndi kupepukako, ndipo Loweruka limenelo anazira tchalitchi kawiri. Mildred anachira.

Matenda a Eneless anabwera m'zaka zimene mchere ndi sopo zinayamba kusowa m'masitolo. Anali atatsegula dimba kufupi ndi mtsinje, m'nkhalango ya mitsanya momwe munali akashembe ambiri. Mmodzi anamuluma pakhosi, ndipo panatupa. Kenaka kunabwera malungo ndi mutu woboola, zinkapita n'kubweranso. Pambuyo pake kunabwera tulo. Ankagona akusinja, munsi uli m'manja. Ankagona akuyamwitsa Ennie, mwana wake wotsiriza, mpaka mwana kugwera pamphasa. Tsiku lina anamupeza m'tchalitchi atagwada, chipumi chili padothi laliwisi, dzanja lili mumphika, akuliza mkonono.

Amai ake anali atamwalira, amalume atakalamba, ndipo Simon anali kutali, ali ndi gulu la msewu cha ku Sinda. Abale a Eneless anati mkazi mnzake wamulodza, nayamba kukambirana za ng'anga. Anamugoneka pamphasa pamthunzi wa nkhokwe, ndipo masiku analowana. Sankadziwanso m'mawa kapena madzulo. Nkhuku zinkamudumpha. Mawu a ana ake ankamveka ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. M'tulo mwakemo ankazirabe. Ankayambira kuguwa n'kumabwerera chambuyo kulinga kukhomo, koma akayandikira khomo pansi pankatalikira, tchalitchi chinkatambasuka kudutsa minda, kudutsa dambo, mpaka kumadzi, ndipo akapisa dzanja mumphika ankapezamo madzi okhaokha.

Tsiku lina anadzuka akugwedezeka. Pamwamba pake masamba a mitsanya ankadutsa mmodzimmodzi, dzuwa likuthwanima pakati pawo. Anali m'bulangete lomangidwa pansungwi, amuna awiri atamusenza. Anaganiza kuti wamwalira ndipo akupita naye kumanda, ndipo sanachite mantha. Koma panali mawu a mkazi amene ankakalipa pafupi ndi mutu wake.

"Yendani bwino, inu! Mwasenza munthu, si thumba la nshawa."

Anatembenuza mutu. Anaona miyendo yaifupi yotuwa ndi fumbi, ndipo pamwamba pake Ennie ali mtulo kumsana kwa Mildred. Osenza machila anali alongo ake a Mildred ochokera ku Mwape. Kumbuyo kunkabwera a Gideon Tembo akukankha njinga yonyamula mapoto ndi ufa. Eneless anafuna kufunsa, koma tulo tinamukoka.

Atafika pamsewu anaimitsa lole yonyamula thonje, ndipo anamugoneka pamwamba pa mabelo. Belo lina linali long'ambika, thonje likutuluka pafupi ndi tsaya lake, loyera, lofunda ndi dzuwa. Mitambo inkayenda naye limodzi. Ankamva ngati amuika patebulo lija la nsalu yoyera, ndipo anadandaula kuti alidetsa ndi mapazi ake.

Kuchipatala cha ku Petauke anamubaya nyeleti pamsana n'kutungapo madzi, ndipo anati ndi kaodzera, matenda a kashembe, ndipo afika kale kumutu. Nesi wa m'chipindamo anali a Nasilele, Mlozi wochokera ku Mongu, amene Chinyanja chake chinkaseketsa odwala. Anauza Mildred mosabisa kuti mankhwala ake ndi aukali, ena amachira nawo, ena amafa nawo.

"Inu ndinu ndani wake?" anafunsa a Nasilele.

"Tili kwa mwamuna mmodzi," anayankha Mildred.

Nesiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumusonyeza shedi yophikiramo odikirira odwala.

Milungu imene inatsatira, Eneless sankatha kudzichitira kanthu kalikonse. Mankhwala ankatentha m'mitsempha, thupi linkanjenjemera, ndipo ankadziipitsira pogona. Mildred ndiye ankamutembenuza, kumupukuta, kuchapa nsalu popanda sopo, ndi kumumwetsa phala. Sankachita mwaulemu. Ankachita akung'ung'udza.

"Tsegulani pakamwa, amake Morgan. Sindinachoke ku Mwape kudzaseweletsa phala."

Eneless ankatsegula, n'kumeza, n'kugonanso. Nthawi zina ankadzuka n'kuona Mildred atakhala pansi pakhoma akutafunira Ennie mbatata. Nthawi zina ankaona amai ake omwalira atakhala pamalo omwewo, ndipo sankadziwa kuti mwa awiriwa weniweni ndi uti. Simon anabwera kamodzi atamva uthenga, anaima kumapazi kwa bedi chipewa chili m'manja, n'kuyang'ana akazi ake awiri. Anasiya shuga n'kubwerera kuntchito.

Mutu utayamba kuyera, a Nasilele analola kuti Eneless azikhala pakhonde masana. Kunja jakaranda anali atayoyola maluwa pabwalo ponse. Tsiku lina Mildred akumupesa tsitsi limene linali litapotana, Eneless anafunsa chimene chinkamuvuta.

"Amake Jennipher, munabwelelanji?"

"Wongolani mutu."

"Kwathu amati ndinu munandilodza. Munabwela kudzatsuka dzina?"

"Dzina langa anthu a ku Luembe analidetsa kale, silitsukika." Mildred anapitiriza kupesa, kenaka anaima. "Ndinamva pa Sabata la Mgonelo. A Tembo anaimilila nati tipemphelele amai aja ozila tchalitchi, ali pafupi kufa. Ine mtima unangoti myaa. Ndinakondwa, amake Morgan. Ndinati zaka zonsezi, lomba nyumba yanga ibwelela. Ndili chikondwele choncho, mbale ya mkate inafika pa ine."

"Munatenga?"

"Ndinatenga. Ndinayembekeza kuti wina andigwila dzanja, kapena mkate unditsamwa. Palibe. Mwini wake wa Mgonelo anali kuona zonse za mumtima mwanga, koma mbale sanaibweze. Anandidyetsa ndili wotelo. Ndinalila mpaka amai a pafupi anayesa ndadwala. Potuluka ndinadziwa kale chimene andituma. Sindinafune. Ndinakangana naye njila yonse ya ku Luembe."

Eneless anayang'ana maluwa a pabwalo. "Inenso ndinakondwa pamene munavutika pobeleka," anatero motsitsa mawu.

"Ndidziwa. Muyesa mkazi mnzako ungamubisile?" Mildred anaseka pang'ono, kuseka kouma.

"Ine ndimayesa mumalowa m'tchalitchi muja chifukwa munayela. Ndiye ndimati nanenso ndiziyeletse."

"Ndani anayela? Timalowa chifukwa tili ndi njala. Inu mumazila kuti akuoneni. Anakuonani kale musanagwile dothi. Nanga muno mwazila chiyani? Si mwangogona, anthu n'kumakunyamulani?"

"Ngati zili choncho, munavutikilanji ndi ine? Mukanangodya n'kupita kwanu. Mkatewo sakanakulandani."

"Sakanandilanda," anavomera Mildred. "Koma munthu wakudyetsa uli mdani wake, mawa lake akakutuma, ungakane? Wongolani mutu, ndati."

Eneless anabwerera ku Luembe mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira. Anachira, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera, ndipo tulo ta masana sitinamusiye konse. Chaka chonse sanathe kuzira. Atsikana a m'kalasi ndiwo ankazira, mokhotakhota, popanda mzere woyera, ndipo tchalitchi sichinagwe. Pa Mgonero ankakhalabe pa muzu wa mkuyu, koma kuwerenga zolakwa za olowa kunamuchokera. Ankangomvetsera nyimbo, nthawi zambiri n'kugona, ndipo ankadzuka ndi mtima wa munthu amene wagona pakhomo pa kwawo. Mphamvu zitabwerera anayambanso kuzira, koma tsopano ankaitana atsikana aja kuti azire naye, ndipo akatopa ankasiyira pakati.

Za banja lake sanafulumire. Panapita nyengo ziwiri za dzinja. Kenaka anapita ku Mwape ndi nkhuku kukathokoza, ulendo wake woyamba kumudziko. Anapeza denga la Mildred likudontha, nkhokwe itapendekeka, chifukwa mwamuna wa pakhomopo mphamvu zake zinali zogawika. Pa chakudya anaona Mildred akupatula ndiwo m'kambale n'kuvundikira, n'kuika pathandala. Jennipher, amene tsopano anali namwali, ananong'oneza kuti amai ake amatero tsiku lililonse, mwina atate angafike. Eneless ankadziwa kumene atatewo anali. Anali atawasiya ku Luembe akusema mpini pabwalo pake.

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, akupuma pamithunzi. Palibe anamuuza kanthu ku Mwape. Koma pofika kwawo nayenso ankadziwa chimene watumidwa, ndipo nayenso sanafune.

Analankhula ndi Simon kumunda, akupalira chimanga.

"Atate Morgan, musabwelenso kudzagona kuno. Ana ndi anu, muzibwela masana kudzawaona. Koma nyumba yanu ili ku Mwape."

Simon anaimika khasu. "A Tembo akutumani?"

"Sananditume."

"Ndiye mufuna kundigulitsa ndi ubatizo."

"Ubatizo akapanda kundipatsa, basi. Sindigula kanthu."

"Ndakulakwilani chiyani?"

"Munandilakwila kale, pachiyambi, ndipo ndinakhululuka. Ine ndikukondani. Chovuta chake n'chimenecho. Koma kuli munthu amavundikila ndiwo tsiku ndi tsiku, ndipo munthuyo anandipukuta ine ngati khanda."

Simon anakwiya, anachoka, anabweranso patapita mwezi kudzanyengerera, ndipo Eneless anamupatsa mpando panja ndi madzi akumwa. Simon atapita, Eneless analowa m'nyumba n'kulira mpaka ana anachita mantha. Chaka chimenecho chinali chowawa. Abale ake anamutcha chitsiru, mvula inadula msanga, ndipo iye ndi ana anadya mapira a ganyu ndi masau. Panali masiku amene ankamva belu la njinga panjira n'kuthamangira pakhomo asanakumbuke. Simon pang'onopang'ono anazolowera. Ankabwera nthawi yolima kudzathandiza Morgan kuswa mphanje, dzuwa likapendeka n'kukwera njinga kubwerera ku Mwape.

Eneless sanapite kukapempha ubatizo. A Tembo ndiwo anabwera okha, atakalamba, akuyenda ndi ndodo.

"Amai, abusa abwela mwezi wa mawa. Dzina lanu ndalipeleka."

"Bambo, dikilani pang'ono. Ndiopa kuti mtima wanga unganene kuti ndagula."

A Tembo anaseka mpaka kutsokomola. "Mukadikila kuti mtima uleke kunena zopusa, tidzakubatizani pa malilo anu. Bwelani chabe."

Anabatizidwa pamodzi ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wa Morgan, iye yekha wa imvi pamzere. Madzi anali ochepa, anangotsikira pachipumi n'kulowa m'diso. Ulaliki utatha, osabatizidwa anatuluka, ndipo Eneless anayamba kunyamuka nawo mwachizolowezi. Mildred anamukoka chitenje n'kumukhazika pansi. Chitseko chinatsekedwa iye ali m'kati. Abusa anachotsa nsalu yoyera, ndipo pansi pake panali mbale ziwiri za malata ndi timakapu. Kunkatentha, pemphero la abusa linatalika, njiwa zinkalira padenga, ndipo mutu wa Eneless unatsamira paphewa la Mildred. Anagona. Mbale itafika, Mildred anamutsina pantchafu. Anadzidzimuka, anatenga ndi dzanja lake lonjenjemera. Kanali kachidutswa kakang'ono ka buledi wa m'sitolo, kouma m'mbali. Anakatafuna nthawi yaitali.

Pambuyo pake ana anamufunsa kuti zinali bwanji m'katimo. Anati kankate kake n'kochepa kwambiri.

Morgan atapeza ntchito ya ukalipentala ku Nyimba, anatenga amai ake. Kumeneko Eneless anayamba kugulitsa nthochi pamsewu waukulu pamene mabasi a ku Lusaka ankaima. Anzake ankathamangira kumawindo malichero ali pamutu. Iye analibe liwiro, ankangokhala pansi pa kamsasa ka masamba a nthochi, ndipo okwera basi otsika kudzawongola miyendo ndiwo ankamupeza. Achinyamata a Chipani oyang'ana makadi pamsika anasiya kumufunsa, chifukwa nthawi zambiri ankamupeza ali mtulo. Nkhondo ya ku Mozambique itathamangitsira anthu kumalire, anasunga m'khitchini mwake mai wina ndi ana ake mpaka boma linawapezera malo. Mpongozi wake, mkazi wa Morgan, atadandaula za ufa, Eneless anati naye sakufuna, koma watumidwa.

Simon anamwalira ku Mwape, ndipo akazi awiriwa anakhala pamphasa imodzi m'nyumba ya maliro. Sanasanduke mabwenzi okoma pakamwa. Mildred akabwera ku Nyimba kuchigayo ankafikira kwa Eneless, n'kunyoza kaphikidwe ka ndiwo, n'kunena kuti Ennie akumulekerera. Eneless ankamusiya alankhule, kenaka n'kumumangira phava la nthochi la ulendo.

Eneless anamwalira chaka chimene anthu anayamba kulankhula poyera za zipani zambiri. Anali masana a mwezi wa Seputembala, mphepo ikuzunguza fumbi pamsewu. Anatsamira mtengo wa kamsasa kake monga mwa masiku onse. Dzuwa litasuntha, mnzake wogulitsa naye anamuphimba kumaso ndi chitenje, ndipo basi itabwera anamugulitsira nthochi zake. Ennie ndiye anadzazindikira atabwera ndi chakudya.

Uthenga unafika ku Mwape tsiku lomwelo. M'mawa mwake Mildred anatsika pa lole, atawerama msana, atavala bulauzi yake yoyera. Analowa m'nyumba mmene amai a chigwirizano anakonzeka kusambitsa thupi, anapisa chala m'beseni, n'kuwayang'ana onse mmodzimmodzi.

"Madzi awa azizila," anatero. "Katenthetseni. Ndimusambitsa ndine."